Makina Onyamulika Amene Amamva Kuyenda kwa Mamolekyu

Akatswiri a sayansi m'maiko ambiri masiku ano amapima mmene madzi, mafuta ndi mphira zilili m'kati mwake posewenzetsa makina ang'onoang'ono amene angathe kunyamulidwa kupita kumene kuli cinthu cofunika kupimidwa. Makinawa sadula, saboola, ndipo saononga cimene akupima. Amagwira nchito ndi maginito pamodzi ndi mafunde a wailesi, a mtundu womwewo umene umafikitsa nkhani kwa omvera tsiku ndi tsiku.

Luso limeneli limachedwa Nuclear Magnetic Resonance, mwacidule NMR, ndipo ndi lomwelo limene lili m'makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi m'zipatala zikuluzikulu. Liu lakuti nuclear lisadetse nkhawa munthu aliyense. Pano likungotanthauza phata la atomu, kacinthu kokhala pakati penipeni pa atomu, ndipo m'makinawa simutuluka ceza coopsa conga ca X-ray kapena ca mabomba.

Kwa zaka zambiri, kupita patsogolo pa nchito ya NMR kunkatanthauza kupanga maginito okulirakulira. Mphamvu ya maginito imayesedwa mu muyeso wochedwa tesla. Makina ambiri a MRI a m'zipatala ali ndi tesla 1.5 kapena 3, pamene makina amphamvu kwambiri a ofufuza, onga amene anaikidwa mu mzinda wa Florence ku Italy mu 2020, amafika pa tesla 28. Maginito otere amalemera matani, amafuna cipinda caocao, ndipo waya wao umakhala womizidwa mu mpweya wa helium woziziritsidwa mpaka kusanduka madzi, pa madigiri 269 pansi pa ziro. Ciliconse cofunika kupimidwa ciyenera kubwera kwa iwo, ndiponso ciyenera kukwana m'kati mwao. Khoma la nyumba silingatero, thanthwe la pansi pa nthaka nalonso silingatero.

Makina ang'onowa anatenga njira ina. Maginito ao ndi ofooka, theka la tesla kapena kucepera apo, ndipo ena amangodalira mphamvu ya maginito ya dziko lapansi lenilenilo, imene imatembenuza singano ya kampasi. Pa kufooka kumeneku amataya zambiri. Oculuka mwa iwo sangathe kuchula mwatsatanetsatane mankhwala amene ali m'cinthu, monga amacitira makina aakulu. Cimene amacita bwino ndi kunena ngati mamolekyu a m'cinthuco ali omasuka kuyenda kapena omangika, ndi mtunda umene amayenda. Zapezeka kuti mafunso ambiri a m'mafakitale, a m'zitsime za mafuta ndi a ofunafuna madzi, yankho lake lili pomwepo.

Madzi a mu mtsuko amene agona usiku wonse amaoneka odekha, koma m'kati mwake mulibe bata. Madzi amapangidwa ndi timagulu ta maatomu tochedwa mamolekyu, ndipo molekyu iliyonse imazungulira, imagundana ndi mamolekyu ena ndi kusintha malo mosalekeza cifukwa ca kutentha. Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, anaona zotsatira za kugundanaku mu 1827, pamene tinthu tocokera mu mungu wa maluwa tinkanjenjemera m'madzi pansi pa maikulosikopu. Albert Einstein anafotokoza masamu ake mu 1905. Pa kutentha kwa madigiri 25, molekyu ya madzi imasuntha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita pa sekondi imodzi, mtunda wolingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Siiyenda molunjika, imadzandira ngati woledzera, motero kuti ifike kawiri mtunda umenewo imafuna masekondi 4, osati 2. Mu uci kuyendako n'kocedwa kwambiri. M'madzi oundana molekyu iliyonse imangonjenjemera pamalo pake.

Nanga wailesi imamva bwanji zimenezi? Molekyu ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidrojeni, ndipo haidrojeni imapezekanso m'mafuta, m'mphira, m'mitengo ndi m'thupi la munthu. Phata la atomu ya haidrojeni lili ngati kamaginito kakang'ono zedi. Likakhala pafupi ndi maginito aakulu limapendama mozungulira, monga imacitira nguli ikatsala pang'ono kugwa. Liwiro la kuzungulirako limatsata mphamvu ya maginito: pa tesla imodzi ndi maulendo 42.6 miliyoni pa sekondi, kapena kuti megahertz 42.6.

Omvera wailesi amazidziwa kale nambala zotere. Masiteshoni a FM amapezeka pakati pa megahertz 88 ndi 108. Makina a MRI a tesla 1.5 amagwira nchito pa megahertz 64, pansi pang'ono pa FM. Makina onyamulika a theka la tesla ali ca pa megahertz 21, m'dera la shortwave. M'mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, imene ndi yofooka kutalitali, haidrojeni imazungulira maulendo a pakati pa 1,000 ndi 3,000 cabe pa sekondi, liwiro limene likanakhala la mau khutu la munthu likanamva.

Popima, koyilo ya waya imatumiza kafunde ka wailesi kakafupi pa nambala yoyenerayo. Timaginito ta haidrojeni timakankhidwa n'kuyamba kuzungulira pamodzi, monga ovina amene amvera ng'oma imodzi. Pozungulira pamodzi timabweza cizindikiro cofooka cimene koyilo yomweyo imamva. Kenaka ovinawo amayamba kusiyana mapazi, ndipo cizindikiro cimazilala. Felix Bloch wa ku Stanford ndi Edward Purcell wa ku Harvard, m'dziko la America, ndiwo anayamba kumva cizindikiro cimeneci m'madzi ndi m'phula la parafini. Zotsatira zao zinafalitsidwa mu 1946, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1952.

Nkhani yagona pa kutalika kwa nthawi imene cizindikiro cimatenga kuti cizilale. Mu 1948 Nicolaas Bloembergen, Purcell ndi Robert Pound anaonetsa kuti nthawiyo imalamulidwa ndi kayendedwe ka mamolekyu. Kamaginito kalikonse, kuonjezera pa kumvera maginito aakulu, kamasokonezedwanso ndi timaginito toyandikana nako. M'cinthu colimba oyandikanawo sasuntha, conco kena kamafulumizitsidwa nthawi zonse, kena kamacedwetsedwa nthawi zonse, ndipo mgwirizano umatha msanga. M'madzi oyandikana amasinthasintha maulendo mabiliyoni pa sekondi. Kukankha kwa uyu kumafafanizidwa ndi kukoka kwa uyo, ndipo timaginito timapitiriza kuzungulira pamodzi kwa nthawi yaitali. Zimamveka ngati zosemphana, koma ndi mmene zilili: pamene pali piringupiringu wa mamolekyu m'pamene cizindikiro cimakhalitsa. M'madzi oyera cimakhala masekondi 2 kapena 3. M'mafuta ophikira cimatha sekondi isanakwane. M'mafuta ouma gwa ndi m'madzi oundana cimazimirira m'kati mwa magawo ocepa cabe mwa magawo 100,000 a sekondi. Kusiyana kwakukulu cotere sikufuna maginito amphamvu kuti kuoneke.

Panali vuto limodzi lalikulu. Maginito ang'ono, maka-maka oikidwa kunja kwa cinthu copimidwa, sapereka mphamvu yofanana paliponse. Pafupi mphamvu ndi yaikulu, patali pang'ono yacepa. Haidrojeni yapafupi imazungulira mofulumira kuposa yapatali, ndipo cizindikiro cimafa msanga pa cifukwa cosakhudzana ndi kuyenda kwa mamolekyu. Mankhwala a vutoli anapezedwa ndi Erwin Hahn mu 1950. Zili ngati ana a sukulu amene anyamuka pa mzere umodzi, ena aliwiro ena ocedwa, n'kumwazikana m'bwalo. Mphunzitsi akaimba mluzu kuti onse atembenuke, aliyense n'kubwerera pa liwiro lake lomwe lija, onse adzafika pa mzere nthawi imodzi, pakuti waliwiro ndiye ali ndi mtunda wautali wobwerera. Kafunde kaciwiri ka wailesi kamagwira nchito ya mluzuwo, ndipo cizindikiro cimene cinafa cimamvekanso, monga mau obwerera kucokera kuphiri. Herman Carr ndi Purcell mu 1954, kenaka Saul Meiboom ndi David Gill mu 1958, anakonza njira yobwereza mluzuwo maulendo mazanamazana motsatizana.

Koma mwana amene wasintha liwiro pakati pa ulendo safika pamodzi ndi anzake. Ndi zimene zimacitikira molekyu imene, pakudzandira kwake, yacoka pamalo a mphamvu yaikulu n'kufika pamalo a mphamvu yocepa. Mamolekyu akamayenda kwambiri, ambiri amaphonya, ndipo mau obwerera aja amacepa. Poyeza kucepako akatswiri amawerengera mtunda umene mamolekyu ayenda. Motero kusafanana kwa mphamvu ya maginito, kumene opanga makina aakulu amataya ndalama zambiri kulimbana nako, m'makina ang'ono kumasanduka muyeso.

Ena mwa oyamba kutulutsa NMR m'nyumba zofufuzira anali makampani a mafuta. Ca m'ma 1960 anayamba kutsitsa zipangizo m'zitsime za mafuta modalira maginito a dziko lapansi. Mu 1980 Jasper Jackson wa ku Los Alamos, ku America, anaonetsa njira yotembenuza makinawo: maginito akhale pakati pa citsime, ndipo copimidwa, cimene ndi thanthwe, cikhale kunja mozungulira. Zipangizo zotere zinafala m'zaka za m'ma 1990. Molekyu imene ili m'kabowo kakang'ono ka thanthwe imagunda makoma kawirikawiri, ndipo kugundako kumafulumizitsa kuzilala kwa cizindikiro. Ya m'bowo lalikulu imayenda nthawi yaitali isanafike pa khoma. M'miyala yamcenga akatswiri amakonda kuika malire pa magawo 33 mwa magawo 1,000 a sekondi. Madzi ozilala msanga kuposa apo amatengedwa kuti ndi omatirira ku thanthwe, ndipo ozilala mocedwa ndiwo angathe kuyenda ndi kupopedwa.

Kuti makina acepe mpaka kunyamulika, panafunika maginito amphamvu osadya magetsi. Amenewa anabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene makampani a Sumitomo ku Japan ndi General Motors ku America analengeza maginito a neodymium, omwewo amene lero ali m'masipika a mafoni. Mu 1996 gulu la Bernhard Blümich pa yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany linafalitsa za kacipangizo kochedwa NMR-MOUSE, kogwirika m'dzanja, kamene amakagunditsa pamwamba pa cinthu monga mausi ya kompyuta pa tebulo. Kamafunabe bokosi la zamagetsi ndi kompyuta pambali pake, koma zonse zimakwana m'galimoto. Mtundu wake wa mu 2005 unakonzedwa kuti uzimva kagawo kopyapyala kamodzi kokha, pa mtunda woikika kucokera pa maginito. Posuntha maginito pang'onopang'ono, kagawoko kamalowa m'cinthu, ndipo akatswiri amawerenga zili m'kati gawo ndi gawo. Mitundu ikuluikulu imafika mamilimita 25, ndipo ing'onoing'ono imasiyanitsa magawo opyapyala kuposa tsitsi.

Nchito yake yoyambirira inali pa matayala a galimoto. Mphira imapangidwa ndi mamolekyu ataliatali onga zingwe. Pokonza tayala, mphira imatenthedwa pamodzi ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear analembetsa mu 1844, ndipo sulufuleyo amamanga zingwezo ina ku inzake. Mfundo zikacepa mphira imakhala yofewa mopitirira, zikaculuka imauma ndi kung'aluka. Popeza mfundo iliyonse imacepetsa kugwedezeka kwa zingwe, cizindikiro ca NMR cimazilala msanga mu mphira ya mfundo zambiri. Conco fakitale ingathe kupima tayala lathunthu osalidula, ndiponso kuona mmene mphira ikukalambira cifukwa ca kutentha ndi mpweya. Tayala lokhala ndi mawaya acitsulo silingayandikitsidwe ku makina aakulu a NMR, koma kacipangizo aka kamalipima, pakuti kanazolowera kale kugwira nchito m'mphamvu yosafanana.

Osunga zinthu zakale nawonso anakalandira, pa cifukwa codziwikiratu: cinthu cimene cilipo cimodzi cokha pa dziko lonse sacidula. Kacipangizoka kagwiritsidwa nchito popima cinyezi m'makoma ojambulidwa a mzinda wakale wa Herculaneum ku Italy, umene unakwiriridwa ndi phiri la Vesuvius m'caka ca 79, ndiponso powerenga magawo a utoto pa zithunzi zakale. Kanapimanso mtembo wa Ötzi, munthu wa zaka pafupifupi 5,300 zapitazo amene anapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps mu 1991 ndipo amasungidwa mu mzinda wa Bolzano. Popanda kuudula, kanasiyanitsa madzi oundana a pamwamba, khungu, mnofu wa pansi pa khungu ndi fupa.

Paul Callaghan wa ku New Zealand anapita patali kuposa apo. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, iye ndi anzake ankanyamula makina odalira maginito a dziko lapansi kupita ku McMurdo Sound ku Antarctica. Madzi a m'nyanja akaundana amasiya timatumba ta madzi amcere osaundana m'kati mwake, ndipo kuculuka ndi kayendedwe ka madzi amenewo kumakhudza mmene kutentha kumadutsira pakati pa nyanja ndi mlengalenga. Cidutswa cotere cikanyamulidwa kupita kutali cimasintha m'njira, motero ciyenera kupimidwa komweko. Malowo anawathandizanso, pakuti kufupi ndi nsonga ya dziko mphamvu ya maginito ndi yokulirapo ndipo kulibe mawaya a magetsi osokoneza. Kampani ya Magritek, imene inakhazikitsidwa ku Wellington mu 2004, inabadwa kucokera ku nchito imeneyi. Callaghan anamwalira mu 2012.

M'mafakitale a zakudya muli makina a patebulo a mtundu womwewu, ndipo nchito yao njosadabwitsa koma njandalama. Amapima kuculuka kwa mafuta ndi cinyezi mu mbeu zonga mpendadzuwa, soya ndi nshawa popanda kuzipera kapena kuthira mankhwala, pakuti mafuta a mu mbeu youma ali omasuka, madzi ake ocepawo ali omangika, ndipo zotsalazo n'zolimba. Amapimanso gawo la mafuta ouma mu majarini ndi chokoleti.

Pa zaumoyo, kafukufuku wina akukhudza matenda odziwika bwino kuno. Tizilombo ta malungo tikalowa m'maselo ofiira a magazi timadya hemoglobin n'kusiya timibulu tochedwa hemozoin, tokhala ndi ayironi. Timibuluti timasokoneza mphamvu ya maginito pozungulira pake, ndipo mamolekyu a madzi odutsa pafupi amataya mgwirizano msanga. Mu 2014 Weng Kung Peng, Jongyoon Han ndi anzao, ofufuza a ku Singapore ndi a ku MIT ya ku America, anafalitsa m'magazini ya Nature Medicine kuti kacipangizo ka theka la tesla kangathe kuzindikira malungo m'kadontho ka magazi m'mphindi zocepa. Njirayi siinalowe m'malo mwa maikulosikopu ndi tizipangizo topimira malungo mwamsanga m'zipatala, ndipo n'koyenera kuiona monga kafukufuku. Imene inafika kale pa bedi la wodwala ndi MRI yoyenda pa mawilo ya kampani ya Hyperfine, ya tesla 0.064, imene inavomerezedwa ku America mu 2020 ndipo imalumikizidwa pa soketi wamba ya magetsi. Madokotala a pa cipatala ca Queen Elizabeth Central ku Blantyre, m'dziko la Malawi, anafalitsa mu 2022 zimene anaona poigwiritsa nchito kujambula ubongo wa odwala. Zithunzi zake sizooneka bwino monga za makina aakulu, koma wodwala wosatha kunyamulidwa amajambulidwa pomwe wagona.

Mtengo wa kufooka kwa maginito umalipidwa pa nthawi. Pa theka la tesla, mwa timaginito ta haidrojeni 1,000,000 ndi tiwiri tokha, kapena kucepera apo, timene timapereka cizindikiro, popeza totsalato timafafanizana. Cizindikiro cimamira m'phokoso, monga siteshoni yakutali pa shortwave, ndipo kupimako kumayenera kubwerezedwa kambirimbiri. Kuti cimveke bwino kawiri pafunika kubwereza maulendo 4, kuti cimveke bwino maulendo 10 pafunika kubwereza maulendo 100. Kutentha kukasintha, mphamvu ya maginito a neodymium imasinthanso, ndipo nambala ya wailesi imacoka pamalo pake.

Mavutowa amaonekera bwino pa nchito imene ingapindulitse kwambiri madera a kumidzi, yofunafuna madzi a pansi pa nthaka. Njira yofala yosankhira pokumba mjigo ndi yolowetsa magetsi m'nthaka ndi kuona mmene akudutsira. Koma magetsi amadutsa mosavuta m'dongo lonyowa monganso mu mcenga wodzaza madzi, ndipo dongo silipatsa madzi. NMR imamva haidrojeni ya m'madzi enieniwo. Njira yoigwiritsa nchito kucokera pamwamba pa nthaka inakonzedwa ndi akatswiri a ku Novosibirsk, m'dziko limene linali Soviet Union, ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makina ao ankachedwa Hydroscope. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya IRIS Instruments ya ku France inayamba kupanga mtundu wake wochedwa NUMIS.

Opima amayala waya pansi mozungulira malo aakulu ngati bwalo la mpira, n'kutumiza kafunde kogwirizana ndi maginito a dziko lapansi pamalopo. Kukula kwa cizindikiro cobwerera kumanena kuculuka kwa madzi. Kutalika kwa nthawi yozilala kumanena kukula kwa mipata imene madziwo ali, monga mmene zilili m'zitsime za mafuta: m'dongo cizindikiro cimatha makina asanayambe n'kumvetsera komwe, mu mcenga cimakhalitsa, m'miyala ing'onoing'ono cimakhalitsa koposa. Posintha mphamvu ya kafundeko amamvetsera mozama mosiyanasiyana, kufikira mamita 100 kapena kupitirira pang'ono pamalo abwino. Ofufuza a ku France pamodzi ndi anzao a m'maiko a Burkina Faso, Benin ndi Niger aigwiritsa nchito njirayi kumadzulo kwa Africa.

Cizindikiroco n'cocepa kwambiri, magawo a biliyoni a volt imodzi, conco mawaya a magetsi, majenereta ndi ziphaliwali zakutali zimaciphimba mosavuta. Miyala yokhala ndi citsulo cokoka maginito imacisokoneza. Kum'mwera kwa Africa kulinso vuto lapadera, pakuti mphamvu ya maginito ya dziko lapansi kuno ndi yofooka poyerekeza ndi ku Ulaya. Haidrojeni imazungulira maulendo pafupifupi 1,300 pa sekondi, pamene ku Ulaya ndi ca m'ma 2,000, ndipo cizindikiro cimacepanso. M'miyala yolimba yakalekale, yonga imene ili pansi pa mbali yaikulu ya cigawo ca Kum'mawa, madzi ambiri amakhala m'gawo lofumbutuka la pamwamba ndi m'ming'alu ya pansi pake. Makinawa amamva bwino madzi a m'gawo lofumbutukalo, koma a m'ming'alu yozama amakhala ocepa kwambiri kuti amveke. Pa cifukwa cimeneci akatswiri amaphatikiza NMR ndi njira ya magetsi ija, ndipo amayamba apima pafupi ndi mijigo yokumbidwa kale, imene madzi ake anayesedwa popopa, asanakhulupirire nambala za pamalo atsopano.